USDT yanuyo mukailipire pa Nyamapanda tione

Anzanga a geni ndi madalaivala, pali anyamata akuzungulira pa Makoni ndi pa Chikwanha kuno ku Chitungwiza, foni m'manja. Akuti tisiye kuyenda ndi madola, tigule USDT, ati ndi ndalama yopanda boma, masankishoni a Amereka saikhudza. Bodza lenileni.

Zoti mabanki anatiwotcha sindikana. Mu 2016 anatiuza kuti bond note ndi dola n'chimodzimodzi, mu 2019 madola athu a mu akaunti anasanduka RTGS. ZiG inabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala inali itagwa kale. Ndinalira nawo. Koma galu akakuluma ukabisale kwa fisi?

USDT ili ndi mwini wake, kampani ya Tether, ndipo mu Disembala 2023 inalengeza yokha kuti izitseka ma wallet a anthu amene boma la Amereka lawaika pa masankishoni. Ndiye ufuluwo uli pati? Komanso inu simugula ku Tether. Mumapereka madola kwa mnyamata wa pa WhatsApp amene ngakhale kwawo simukudziwa. Mlamu wanga anapereka mpamba wonse wa zitenje. Pa foni manambala ankakwera bwinobwino, koma tsiku lotapa ndalama, nambala ya mnyamatayo sinkapezekanso. MMM ya 2016 ija mwaiwala kale?

Pa Nyamapanda ZIMRA salandira USDT, pa Mwanza MRA chimodzimodzi. Ndipo tayala likakuphulikirani usiku pa Tete, wokonzayo adzafuna metical kapena dola m'manja, nonse netiweki mulibe.