Gautrain imafika pabwalo la ndege, koma imanyamula ndani?

Munthu akatsika ndege pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg n'kukwera sitima ya Gautrain, amabwerako akuitamanda, ndipo sanama. Siteshoni ili pabwalo pomwepo. Pakangotha mphindi 15 wafika ku Sandton, pamene anzake a pagalimoto akadali pamdipiti wa mumsewu wa R24. Sitima ndi yaukhondo, imasunga nthawi, alonda ali ponseponse. Zonsezi ndikuvomera. Chimene ndikukana ndi kuitchula kuti sitima ya anthu onse, chifukwa njanji yopita pabwaloli anaikonzera munthu mmodzi yekha: wokwera ndege.

Taonani mmene inabadwira. Mbali yoyamba kutsegulidwa, pa 8 June 2010, inali ya pabwalo la ndege kukafika ku Sandton, kutangotsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa World Cup uyambe. Ya ku Pretoria inadikira mpaka 2011, ndipo Park Station, pakati penipeni pa Johannesburg pamene pamatsikira mabasi ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique, inatsegulidwa mu 2012. Alendo ndiwo anayamba, eni mudzi pambuyo. Ndalama zimene zinalowa pa njanji ya makilomita 80 ndi masiteshoni 10 zinapitirira R25 biliyoni, zambiri mwa izo za boma. Bungwe la ogwira ntchito la COSATU linadandaula kuyambira pachiyambi kuti ndalama zochuluka chonchi zikupita kwa anthu amene ali kale ndi magalimoto.

Bwalo la ndege si la apaulendo okha. Ndi malo antchito a anthu masauzande: osesa, onyamula katundu, ophika, alonda, othira mafuta m'ndege. Wapaulendo amabwerapo kamodzikamodzi, koma awa amabwerapo tsiku lililonse, ambiri kuchokera ku Tembisa ndi makomboni ena a ku Ekurhuleni. Kwa iwo tikiti ya pabwalo la ndege, imene imapitirira R200 ulendo umodzi, ndi nkhani yongomva. Kupita ndi kubwerera kungadye malipiro a tsiku lonse n'kutsalanso ngongole. N'chifukwa chake m'bandakucha mumawapeza pamzere wa minibasi, sitima ikudutsa pamwamba pawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi siteshoni ya Rhodesfield. Ili pafupi zedi ndi bwalo, ndege ukuziona ndi maso. Kuchokera ku Sandton kukafika pa Rhodesfield mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pabwalo, chonsecho sitima yake ndi yomweyo, njanji yake ndi yomweyo. Kachigawo kotsalako ndiko kamene anakaikira mtengo wa alendo. Pa Rhodesfield pomwepo pali siteshoni ya Metrorail, sitima ya anthu wamba, pa njanji yodutsa ku Kempton Park. Tsono wantchito wofika pamenepo ndi sitima yotsika mtengo wafika pakhomo, koma chitseko n'chokhoma. Izi sizinangochitika zokha. Alipo anakhala pansi n'kuwerengera kuti kachigawo kameneka kakhale ka anthu a ndalama.

Ena amati wokwera ndege ali ndi ndalama, choncho alipire zambiri kuti athandize kuyendetsa njanji yonse. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo mlendo wokagona ku hotela ya ku Sandton alipire ndithu. Koma kodi n'chiyani chikuletsa kusiyanitsa mlendoyo ndi mayi wosesa, amene ali ndi chitupa cha pantchito cholowera m'bwalomo? Komanso tisaiwale kuti boma la chigawo cha Gauteng linalonjeza kampani ya Bombela, imene inapatsidwa ntchito yomanga ndi kuyendetsa sitimayi, kuti okwera akachepa lidzawonjezera ndalama, ndipo linkalipira chaka ndi chaka. Ndalamazo ndi za misonkho. Wosesa uja amalipira msonkho pafupifupi pa chilichonse chimene wagula m'sitolo, kutanthauza kuti akuthandiza kuyendetsa sitima imene iye sangakwere.

Nthawi nayo ndi vuto. Gautrain siyenda usiku wonse, pamene bwalo la ndege siligona. Wofika ndi ndege ya usiku kwambiri ndiponso woyamba ntchito kusanache, onse sitima sawathandiza. Ngakhale wapaulendo wofuna kukakwera basi ku Park Station ayenera kutsika pa Sandton n'kusintha sitima, katundu ali m'manja.

Palinso nkhani ya kukula kwa njanji. Ya Gautrain ndi yotambalala mamilimita 1,435, pamene ya Metrorail ndi 1,067, choncho sitima ya uku singayende pa njanji ya uko mpaka kalekale. Nthawi ya Covid-19 mu 2020 akuba anazula mawaya ndi kugwetsa masiteshoni a Metrorail, Gautrain ili yotetezedwa bwinobwino. Dziko limodzi, njanji ziwiri, ndipo yosamalidwa ndi ya ochepa.

Tsopano akuluakulu a ku Gauteng akukamba zotalikitsa njanji kuti ikafike ku Soweto ndi ku bwalo la ndege la Lanseria. Asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ayambe akonza zimene sizifuna simenti: mtengo wotsika wokhazikika kwa aliyense wogwira ntchito pa OR Tambo, tikiti imodzi yogwira ntchito pa Metrorail ndi pa Gautrain pomwe, ndiponso sitima yoyamba ndi yomaliza zogwirizana ndi nthawi imene anthu amalowa ndi kuweruka pabwalopo.