Msoko wa dizaini uonedwe ndalama isanatuluke

Nyengo ya maukwati ndi misonkhano ya mipingo ikafika, amalonda ambiri amalandira maoda a zitenje zodinda, zikwangwani za pulasitiki ndi mapepala okulungira mphatso. Kunenerera kwawo konse kumathera pa mtengo wa mita imodzi. Za dizaini amangoona kachithunzi kamodzi pafoni n'kuvomereza, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimalowera m'madzi.

Maluwa a pachitenje sajambulidwa pansalu yonse. Wojambula amapanga kachigawo kamodzi pakompyuta, makina n'kumakabwereza ngati matailosi a m'nyumba. Tsamba lomwe ladukira kumanja kwa kachigawoko liyenera kupitirira kumanzere kwa kotsatira, chimodzimodzinso pamwamba ndi pansi. Zikaphonyana ngakhale pang'ono, mzere umaonekera mpukutu wonse. Pa kachithunzi kamodzi vutoli silingaoneke, chifukwa msoko umabwera pokhapokha zigawo ziwiri zikakumana.

N'chifukwa chake wamalonda asapereke dipoziti asanaone dizainiyo itaikidwa kasanu ndi kanayi: katatu chopingasa, katatu chotsika. Si ntchito yolemetsa. Mu Photoshop muli chida cha Offset chomwe chimabweretsa m'mphepete mwa chithunzi pakati kuti msoko ukonzedwe, ndipo GIMP, pulogalamu yaulere, ili ndi Tile Seamless. Wojambula amene akuzengereza pa pempho lotere n'kutheka kuti dizainiyo wangoitola kwina.

Zigawozo zikaikidwa pamodzi, aziyang'ane ataima patali. Msoko ukhoza kugwirana bwino, koma duwa limodzi lakuda kwambiri likamabwera pamalo amodzimodzi limapanga mizere ngati ya m'munda wa chimanga. Odziwa ntchito amatsitsa mzere wachiwiri ndi theka kuti diso lisagwire pomwe dizaini ikubwereza.

Kufakitale nkhani imakula. Nsalu zambiri zimadindidwa ndi zitsulo zozungulira zonga mapaipi, zokhala ndi timabowo todutsa utoto, ndipo zofala kwambiri zimadinda masentimita 64 zikazungulira kamodzi. Dizaini iyenera kukwana mu muyezo umenewo: 64, 32 kapena 16. Tsono chitenje cha mamita awiri ndi masentimita 200. Dizaini ya 64 ikabwera katatu imathera pa 192, n'kutsala 8. Zitenje zoyamba zimadulika bwino, koma 8 uja amanka nawonjezekera mpaka sizasi ifike pakati pa dzina la mpingo kapena pankhope ya mkwatibwi. Chitenje chotere palibe angachigule pa mtengo wonse. Funso loti nsalu izidulidwa pati lifunsidwe asanadinde, osati katundu atafika pa benchi.

Mitundu nayo ndi ndalama, popeza mtundu uliwonse umafuna chitsulo chakechake. Dizaini ya mitundu itatu yoikidwa mwaluso imaposa ya mitundu isanu ndi iwiri yongodzaza. Matelala amadziwanso kuti maluwa akuluakulu amadya nsalu, chifukwa polumikiza kutsogolo ndi kumbuyo kwa diresi pamatayika zidutswa.

Chomwe ambiri amachipeputsa ndi fayilo. Chithunzi chotumizidwa wamba pa WhatsApp chimafinyidwa, ndipo chikakulitsidwa pa chikwangwani chimatuluka chachimbuuzi. Chitumizidwe ngati Document. Madizaini a paintaneti nawo ali ndi eni ake. Ena ndi aulere pa ntchito za munthu payekha, koma osati pa katundu wogulitsa, ndipo ena amabwera ndi dzina la kampani lobisika mkati lomwe limadzaonekera bwinobwino nsalu itadindidwa.

Pa lisiti palembedwe kuti fayilo yoyambirira ndi ya wolipira, ndipo aitenge pa flash tsiku lomwelo. Gulu la amayi likadzafuna zitenje zina makumi asanu chaka chamawa, wokhala ndi fayilo amasankha yekha kokadinda, pomwe wopanda fayilo amabwerera kwa yemwe uja n'kulandira mtengo uliwonse womwe angamuuze.