Mlembi wa Kalabu Ayambe Wakonza Njira ya Mafailo Ake

M'gawo lapitalo tidakambirana za alembi a makalabu a fodya amene ayamba kusunga maina a alimi, mabelo ndi ngongole za feteleza pa kompyuta. Lero tione nkhani imene ambiri amaiyesa yaing'ono, pamene ikhoza kutayitsa mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe ndalama za chaka chathunthu. Nkhaniyo ndi ya kukonza pulogalamu yolemberamo ntchito isanayambe.

Titenge chitsanzo cha Vim, pulogalamu imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands adaitulutsa mu 1991 potsata vi ya Bill Joy ya mu 1976. Ndi yaulere, ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yokalamba yonga zimene makalabu angathe kupeza. M'kati mwake muli mndandanda wotchedwa path, ndiye kuti mafoda amene imafufuzamo mukailamula kuti :find ndi kutchula dzina la failo. Pa Linux, ikakhala yongoikidwa kumene, imayamba yayang'ana m'foda ya failo imene mwatsegula, kenaka mu /usr/include, pomaliza m'foda imene mukugwiriramo ntchito. Foda yapakatiyo ndi ya olemba mapulogalamu a C, ndipo mlembi wa fodya alibe nayo ntchito.

Ndiye ena amalangiza kuti mulembe set path+=** mu .vimrc kuti izifufuza m'mafoda onse a m'munsi. Langizo limeneli ine ndikulikana kwa mlembi wa kalabu. Taganizani, awerengi anzanga: muli ndi foda ya 2023 ndi ina ya 2024, ndipo m'mafoda onse awiri muli failo ya dzina limodzi, ngongole.txt. Lamulo la :find limatsegula imene layamba kuipeza, osakufunsani. Mlembi angathe kudula pa ndalama za ku okushoni ya Chinkhoma ngongole imene mlimi adabweza kale, iye ali ndi mtima woyera, osadziwa kuti akuwerenga za chaka china. Mlimiyo, amene adathirira nazale dzuwa la Okutobala lili pamutu, adzauzidwa kuti kompyuta ndiyo yatero. Adzatsutsa bwanji?

Chabwino n'chakuti mu path mulembedwe foda ya chaka chino yokha, ndipo izisinthidwa pamene nazale zikufesedwa. Chaka chilowenso m'dzina la failo iliyonse. Wosankha fodya sasakaniza masamba a m'munsi ndi a pamwamba m'belo limodzi chifukwa choti onse ndi fodya.

Za mawindo sindichulutsa. Lamulo la :vsplit limagawa sikirini pakati, mabelo kumanzere, ngongole kumanja. Mukaika scrollbind m'mawindo onse awiri, amatsikira limodzi, koma izi zimathandiza pokhapokha maina a alimi atandandalikidwa mofanana m'mafailo onsewo. Apo ayi mudzayang'ana belo la wina moyang'anizana ndi ngongole ya wina. Chofunika koposa ndi set statusline=%F, chimene chimaonetsa njira yonse ya failo pansi pa windo, chaka chake chili poyera. Mukakonza zonse, :mksession imasunga kaikidwe ka mawindowo kuti mawa musayambenso mwatsopano.

Wina anena kuti alembi ambiri amagwiritsa ntchito Excel, osati Vim. Zoona. Komatu nayonso imatsegula failo ya chaka chatha mosakana ngati mwaisankha pa mndandanda wa zotsegulidwa posachedwa. Ophunzitsa kompyuta pa boma la Kasungu asalekere pa kutayipa mofulumira. Aphunzitsenso kumene failo imakhala. Ndipo pa tsiku logawa ndalama, wapampando ndi msungichuma wa kalabu aimirire kumbuyo kwa mlembi, awerenge okha chaka cholembedwa pansi pa windo, asanadule mlimi aliyense tambala ndi imodzi yomwe.