ZA UMOYO PAMUDZI: Uchi ndi Bala la Dzino

Sabata ino tikambirane za dzino lija lomera pomalizira kumapeto kwa chibwano, munthu atafika zaka 17 mpaka 25. Dzinoli kawirikawiri limasowa malo, limamera mopendekeka, ndipo likavuta amalizula kuchipatala. Tsono ambiri amafunsa kuti, kodi uchi ungathandize kuti bala lake lipole?

Inde ungathandize. Aigupto akale ankapaka uchi pazilonda zaka zoposa 3,000 zapitazo. Uchi uli ndi shuga wambiri amene amayamwa madzi m'tizilombo toyambitsa mafinya, kotero kuti sitingaswane. Ulinso ndi mankhwala amene njuchi zimathiramo, opha tizilomboto. Madokotala ena amene anauyesa pa mabala a mano anaona kuti ululu unachepa.

Koma mverani ichi. Chimene chimapoletsa bala kwenikweni ndi magazi amene amaundana m'dzenje mmene munali dzino. Magaziwo ndiwo chivundikiro cha fupa. Akachoka, fupa limakhala poyera, ndipo patapita masiku 3 kapena 5 pamabuka ululu woopsa wofika kukhutu. Chifukwa chake tsiku loyamba musaikepo kanthu, ngakhale uchi umene. Lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi 30. Musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musasute fodya, musamwe mowa kapena tiyi wotentha. Khasu nalo lipume tsiku limenelo, pakuti ntchito yolemetsa imautsa magazi.

Tsiku lachiwiri sungunulani theka la kasupuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda owiritsa, ndi kutsuka m'kamwa pang'onopang'ono mukatha kudya. Mukatero sambani m'manja, tengani kadontho ka uchi pa supuni yoyera, ndi kuika pankhama pambali pa bala. Musatokose dzenjelo ndi chala, kamtengo kapena nthenga. Chitani chomwecho kawiri kapena katatu pa tsiku. Mano enawo muziwatsukabe, chifukwa uchi ndi shuga ndithu, ndipo shuga amaoletsa mano.

Uchi wake ukhale wosefedwa bwino, wopanda zisa, ana a njuchi kapena phulusa, wosungidwa m'botolo lotseka. Chenjerani ndi uchi wosakaniza ndi madzi a shuga umene ena amagulitsa m'mbali mwa msewu, ulibe mphamvu. Idyani phala lopola, nthochi ndi mazira. Chimanga chokazinga, mtedza ndi nzimbe ziyambe zadikira.

Amene muli ndi nthenda ya shuga yambani mwafunsa kuchipatala. Ndipo inu amayi, mwana wosakwana chaka chimodzi musam'patse uchi ngakhale pang'ono, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo tofooketsa thupi la khanda.

Uchi sulowa m'malo mwa mankhwala amene adokotala akupatsani. Tsaya likatupa masiku awiri kapena atatu musaope. Koma ngati kutupa kukukulabe, thupi latentha, magazi sakuleka, kukamwa sikutseguka kapena mukulephera kumeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti mumalize kupalira. Matenda a dzino akafika kukhosi amapha munthu.

Pamene akukuzulani dzino, funsani adokotala za uchiwu musanatuluke. Paja akulu amati safunsa anadya phula.

Sabata yamawa tidzakamba za kasamalidwe ka mano a ana. Tsalani bwino.