ZA M'NYUMBA MWATHU: Kodi Mapepala a Banja Agona Kuti?



Mwezi uno tikambirane za katundu wina wa m'nyumba amene salemera pomunyamula, koma akasowa banja lonse limasowa tulo. Ndikunena za mapepala. M'nyumba zambiri khasu lili ndi malo ake, mphika uli ndi malo ake, ngakhale tsache lili ndi pangodya pake. Koma setifiketi ya mwana ili kunsi kwa matilesi, lisiti la puloti lili m'thumba la jekete imene atate anasiya kuvala kalekale, ndipo kalata ya ukwati palibe akudziwa kumene inalowera. Makolo anati tsoka silinunkha. Moto, matenda ndi imfa sizipangana tsiku ndi munthu, ndipo zikafika sipakhala mpata wogwedeza mipando ndi kukhuthula masutikesi. Naco cifukwa cake nchitoyi ifunika kuigwira lero pamene mtima uli m'malo.

Coyamba, sankhani tsiku limodzi, mwina Loweruka masana, ndipo musonkhanitse pepala lililonse la m'nyumba pa mphasa imodzi. Musataye kanthu musanawerenge. Mukatero, gawani mapepalawo m'maenvulopu anai akuluakulu, ndi kulemba dzina pa iliyonse.

Envulopu yoyamba ikhale ya zitupa za anthu: setifiketi ya kubadwa, kadi ya kusikelo ya ana, pasipoti, kadi yovotera, ndi makope a citupa ca NRC cimene ambiri timati reji. Mwana akakwanitsa zaka 16 ayenera kukatenga reji yake, ndipo pamenepo mapepala a kubadwa kwake ndi reji ya kholo amathandiza kwambiri. Envulopu yaciwiri ikhale ya sukulu ndi nchito: masetifiketi a mayeso, malipoti, kalata yolembera nchito ndi nambala ya NAPSA. Bungwe la NAPSA linayamba nchito m'caka ca 2000 polowa m'malo mwa ZNPF, ndipo ndilo linatenga mabuku a bungwe lakalelo; tsono kadi yakale ya ZNPF ya agogo musaiyese cinyalala. Envulopu yacitatu ikhale ya cuma: taitulo ya nyumba, kalata ya mfumu kapena ya khonsolo yonena za malo, malisiti a msonkho wa malo, mapepala a kubanki, ndi mapangano a ngongole. Yacinai ikhale ya ku chalichi: kadi ya ubatizo, ya ulimbitso ndi kalata ya ukwati.

Pa envulopu yacinaiyi ndionjezepo mau, popeza ife akatekisti timakumana nazo kawirikawiri. Mbiri ya mkhristu imasungidwa m'buku la parishi imene anabatizidwirako, ndipo ulimbitso ndi ukwati wake zimalembedwanso m'buku lomwelo. Mnyamata wobatizidwa ku Katete akafuna kumanga ukwati ku Kitwe, ansembe adzamufunsa kalata yocokera ku parishi ya ubatizo wake. Ngati iye sadziwa dzina la parishiyo ndi caka cake, ndipo makolo anatsogola kale, ukwati umacedwa popanda cifukwa. Lembani zimenezi za mwana aliyense, ndipo mumuuze iye mwini akasinkhuka.

Caciwiri, pezani malo amodzi okha osungira maenvulopuwa. Adani a pepala ndi anai: ciswe, makoswe, cinyezi ndi moto. Kabokosi kacitsulo kotseka bwino kaposa katoni. Envulopu iliyonse muilowetse m'thumba la pulasitiki, ndipo bokosilo likhale pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, kutali ndi mbaula, ndiponso osati pamene denga limadontha m'dzinja. Dziwaninso kuti malisiti a masiku ano, aja osalala ocokera m'makina, amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala pofunda. Lisiti lotere likakhala la cinthu cacikulu, monga fizi ya ku koleji kapena malata, kalijambulitseni fotokope likali kuoneka.

Cacitatu, pepala lililonse lofunika likhale ndi kope lake. Makope ena mukasungitse kwa mbale wokhulupirika wokhala m'nyumba ina, kuti moto ukagwira kwanu zonse zisapsere pamodzi. Kujambula mapepala pa foni n'kwabwino, koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo m'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, tonse tinaona kuti foni yopanda moto ndi mwala cabe. Popita ku ofesi nyamulani makope, ndipo pepala lenileni muonetse pokhapokha alifunsa, ndi kubwerera nalo kunyumba tsiku lomwelo.

Cacinai, yerekezani maina ndi masiku obadwa pa mapepala onse. Ambiri a ife tili ndi dzina la kumudzi, dzina la ubatizo ndi dzina la kusukulu. Pepala lina likanena Mariya, lina Mary, linanso dzina la agogo, a ku ofesi amayesa ndi anthu atatu, ndipo penshoni kapena malo a ku koleji zimaima. Kukonza colakwa cotere mwini wake ali moyo n'kosavuta, cifukwa angathe kukalumbira yekha. Akamwalira, otsala ndiwo amavutika.

Cacisanu ndi cimene cimawavuta abambo ambiri. Bokosi limeneli lisakhale cinsinsi pakati pa mwamuna ndi mkazi. Amai adziwe pamene pali kiyi, adziwe banki imene ndalama zili, adziwe amene muli naye ngongole ndi amene ali nanu ngongole. Taona amai amasiye akutulutsidwa m'nyumba imene anaumba njerwa zake ndi manja ao, cifukwa cakuti acibale a malemu ndiwo anayamba kupeza taitulo. Lamulo la m'caka ca 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wopanda wilo limagawa motere: pa magawo 100 alionse, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, ndipo 10 a ena amene anali kudalira malemuyo. Limanenanso kuti nyumba ndi ya ana pamodzi ndi wamasiye, amene ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse malinga sanalowe m'banja lina. Malo a m'manja mwa mafumu sali pansi pa lamuloli. Komabe zingavute kuti lamulo lithandize mai amene alibe pepala loonetsa kuti anali pa ukwati, kapena kuti nyumbayo inali ya mwamuna wake. Kulemba wilo si kuitana imfa ai. Wilo imalembedwa, mwini wake amasaina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zimasaina. Ndipo n'kwanzeru kusankha mboni zimene sizidzalandirako kanthu.

Cotsiriza, gulani kabuku ka masamba olimba kakhale m'bokosi momwemo. Patsamba loyamba lembani mndandanda wa zonse zili m'maenvulopu. Pa masamba otsatira lembani ngongole, tsiku lake ndi mboni yake, popeza mau apakamwa amasintha ndi nyengo koma colembedwa cimakhala. Pa malisiti akale kumbukirani kuti pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inacotsedwa maziro atatu, kotero K5,000,000 ya pa lisiti la 2010 ndi K5,000 ya masiku ano. Lembani zimenezi pambali kuti ana asadzakangane ndi munthu pa ziro. Nambala yacinsinsi ya kubanki kapena ya ndalama za pa foni isalembedwe m'kabukuka. Ndipo kamodzi pa caka, mwina m'Januwale ana asanatsegulire sukulu, tsegulani bokosilo inu awiri, muone cimene casowa, cimene catha nthawi ndi cimene cifunika kuonjezedwa.

Abale anga, nchito yonseyi mtengo wake ndi maenvulopu anai, kabuku kamodzi ndi masana amodzi. Madzi akatayika saoleka. Inu a m'miphakati, mukayendera nkhalamba ndi mabanja osunga ana amasiye, afunseni mwaulemu ngati mapepala ao ali pamodzi, ndipo muwathandize kuwerenga amene maso anayamba kufooka.

Mpaka mwezi wamawa, tsalani bwino.