Masomphenya a Malawi 2063 Ayesedwa ndi Bajeti ya Boma

Pa 19 January 2021 dziko lino lidakhazikitsa Masomphenya a Malawi 2063, omwe cholinga chake n'chakuti Malawi adzakhale dziko lodzidalira ndi lolemera mokomera aliyense. Chaka cha 2063 chidasankhidwa potsatira ndondomeko ya bungwe la African Union, pamene padzakhale patatha zaka 100 chikhazikitsire mgwirizano wa maiko a mu Africa mu 1963.

Aka si koyamba Malawi kulemba masomphenya. Mu 1998 kudabwera Vision 2020, ndipo pambuyo pake kudatsatira ndondomeko ya MGDS m'magawo atatu, kuyambira 2006 mpaka 2022. Zolembedwazo sizidali zolakwika. Chidavuta n'chakuti Vision 2020 idalibe mwini wake. Panalibe bungwe lopatsidwa mphamvu ndi lamulo kuti lizilondoloza ntchitoyo, kotero boma lililonse lolowa limayamba kulima munda wakewake, kusiya wa mnzake uli thengo.

N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Planning Commission kudzera m'lamulo la 2017. Ntchito yake ndi kukonza mapulani a nthawi yaitali, kuunika mfundo za boma potengera umboni, ndi kuona ngati zolonjezedwazo zikuchitikadi. Zokambirana ndi anthu zidayamba pansi pa ulamuliro wina, masomphenyawo n'kukhazikitsidwa pansi pa ulamuliro winanso. Imeneyi si nkhani yaing'ono m'dziko lomwe kawirikawiri chitukuko chimavala makaka a chipani.

Masomphenyawa adatsamira pa mizati itatu: ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda mwadongosolo. Popeza zaka 42 n'zambiri kuti munthu aziyeze ndi maso, ntchitoyo idagawidwa m'zigawo za zaka khumi. Gawo loyamba, MIP-1, likuchokera 2021 kufika 2030, ndipo likufuna kuti pofika 2030 Malawi akhale atatuluka m'gulu la maiko osaukitsitsa.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kuti zimenezi zitheke, chuma chimayenera kukula ndi pafupifupi 6 peresenti pachaka. Kuyambira 2022 mpaka 2024 sichidafike ngakhale 2 peresenti, pamene kalembera wa 2018 adapeza Amalawi 17.5 miliyoni akuchuluka ndi 2.9 peresenti pachaka. Kunena mosapsatira, nsima ikukula pang'onopang'ono kuposa manja oidya. Zifukwa zina n'zodziwika: namondwe wa Freddy mu March 2023, chilala cha 2024, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Komabe si bwino kukankhira zonse kwa mvula ndi mphepo.

Pulani imakhala ndi mano pokhapokha ikalowa m'bajeti. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sikimu ya mthirira yolembedwa mu MIP-1 koma yosapatsidwa ndalama pa 1 April, pamene chaka cha boma chikuyamba, ikadali pachala. Ndalama zambiri zikamathera ku malipiro ndi chiwongoladzanja cha ngongole, gawo la chitukuko ndilo limayamba kudulidwa, ndipo chimatsala ndi maziko a nyumba omera udzu ndi misewu yolekezera panjira.

Choncho ntchito yeniyeni yagona m'maofesi a mapulani a unduna uliwonse, momwe mapulojekiti amasefedwa asadalowe m'ndandanda wa ntchito za chitukuko za boma. Kumeneko kumafunika akatswiri olimba mtima okana pulojekiti yosaunikidwa bwino, ngakhale itabwera ndi munthu wolemekezeka. Kumafunikanso ziwerengero zatsopano zochokera ku National Statistical Office ku Zomba, chifukwa kuunika mfundo popanda ziwerengero ndi kulosera chabe.

M'makhonsolo nawo udindo ndi womwewo. Zofuna za anthu zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'midzi, kupita kwa mfumu yaikulu, mpaka kulowa m'pulani ya boma lonse. Nzika iliyonse ili ndi ufulu wofunsa kwa bwanamkubwa kapena khansala wake kuti mlatho umene mudzi wawo udapempha uli pa tsamba liti la pulaniyo, ndi ndalama zingati zomwe zaikidwa pambali pake chaka chino.