Chotsani Mkono Pamimba pa Gitala

Anzanga ena oimba amati kugula kathabwa kotsamirapo mkono, kaja amati armrest, n'kutaya ndalama. Ine ndikukana.

Tayesani izi: imbani G mkono uli pamimba pa gitala, kenako muunyamule n'kuimbanso. Mumva mawu akumasuka, makamaka besi. Thabwa lapamwambalo ndi limene limanjenjemera potulutsa mawu. Mkono ukaligonera, zili ngati kuika dzanja pachikopa cha ng'oma.

Ine ndinamata ka John Pearse m'mphepete mwa gitala yanga. Pano ndimaimbira kwaya ya pasukulu maola awiri mkono osachita dzanzi, ndipo thukuta la mu Okutobala silikudyanso vanishi.

Chenjezo lokha: pochotsa, muzimatula pang'onopang'ono. Ndipo chonde, musayesere pagitala yobwereka!

Nanga inu mukuti bwanji?